Kathirakitala ka M'minga

Ndikukumbukira dimba la bambo anga la pamwamba pa chitunda ku Sheffield, makamaka Loweruka m'mawa nkhungu isanachoke. Munthu ukaima pamenepo mzinda wonse unkakhala kunsi kwa mapazi ako, koma osauona. Unkangomva belu la thiramu, kasitima koyenda mumsewu, likulira kutali ndi agalu a anthu olawirira kukawongola miyendo. Kenako nkhungu ija inkayamba kung'ambika pang'onopang'ono, n'kumatulukira madenga, machumuni, nsanja ya tchalitchi, chilichonse pachokha ngati chikuyandama pamadzi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakhulupirira kuti tsiku lina nkhunguyo ikadzachoka, kunsiko kudzaoneka Ntcheu.

Amayi ndi amene anayamba kubwera kuno, nthawi ija anamwino ambiri a kwathu ankabwera kudzagwira ntchito m'zipatala za ku England. Ine ndi bambo tinatsatira pambuyo. Kwathu bambo anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wa tayi ndi choko m'zala, woti akamadutsa pamsika anthu ankatsika panjinga kuti awapatse moni. Ku Sheffield anapeza ntchito yolongedza katundu m'makatoni, m'chinyumba chachikulu chopanda mawindo. Kumeneko kunalibe wowatchula kuti aphunzitsi. Tsiku loyamba anabwera kunyumba nkhope ili ndwii, n'kuwauza amayi kuti dalaivala wa basi, mwamuna mnzawo wandevu zake, wawatchula kuti "love". Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuwafotokozera kuti anthu a mzinda umenewu amatero kwa aliyense. Bambo sanaseke. Anavula nsapato n'kukakhala pawindo.

Pawindo pamenepo ndi pamene anakhazikika. Akaweruka ankakhala pampando womwewo, maso ali panja, kuonerera mvula ikutsetsereka pa madenga a nyumba zogundizana za mumsewu wathu. Munthu amene kwathu ankayamba kuimba nyimbo za m'buku asanasukusule n'komwe, kuno ankatha tsiku lonse ndi mawu osadzaza dzanja. Amayi ataona kuti mwamuna wawo akuzima ngati nyali yotha mafuta, anakawapezera dimba. Kuno khonsolo imabwereketsa timinda ting'onoting'ono kwa anthu a m'tauni kuti azilimamo kabichi ndi mbatatesi. "Mwina khasu liwadzutsa," anandiuza motsitsa mawu, akundimanga tsitsi.

Dimba limene tinapatsidwa linali la kumapeto kwenikweni, losiyidwa zaka zambiri. Minga ya mabulosi akutchire inali itakula kuposa ine, yapiringizana mpaka kumeza kashedi kamatabwa kamene denga lake linali litagwera mkati. Bambo anayamba kutchetcha, ine ndikukokera nthambi pambali, manja ali magazi okhaokha. Tsiku lina chikwanje chinagunda chitsulo. Bambo anayamba kusadza mingayo mosamala. Kunatulukira chiwongolero, kenako kampando kachitsulo kokhala ndi mabowo, kenako matayala anayi ophwa atamira m'dothi. Kanali kathirakitala. Kukula kwake sikunkaposa thole logona. Dzimbiri linali litakadya paliponse, ndipo patsinde pa chiwongolero panali patamera ndele zobiriwira.

Bambo anaima nthawi yaitali akukayang'ana. Kenako anavula chipewa, ngati afika pakhomo pa munthu wamkulu. Anandiuza kuti ali mwana, agogo ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo pamenepo panali thirakitala yaikulu. Ana onse a pamalopo ankaithamangira pambuyo, kumeza fumbi ndi utsi, koma panalibe amene ankaloledwa ngakhale kuikhudza. Tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akulankhula mawu ambiri chifikireni kuno.

Dimba loyandikana nalo linali la a Stan, mkulu wa imvi amene moyo wawo wonse anagwira ntchito kufakitale yosungunula zitsulo. Anasuzumira pampanda, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kunena zinthu zambiri zimene sitinazimve. Bambo anaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, koma Chingerezi cha a Stan chinali china, chomeza theka la liwu lililonse. Atabwereza kachitatu ndi pamene tinatolapo mfundo. Mwini wake wa kathirakitalako anamwalira kalekale, abale ake sanakafune. Tikafuna ndi kathu, tikapanda kufuna abwera ogula zitsulo zakutha. A Stan anali ndi tina titatu totere m'galaja kwawo, ndipo chimene ankakonda pa moyo wawo chinali kutola timathirakitala takale ta m'madimba, kutikonza, kutipaka penti, n'kumakationetsa kwa anzawo okonda zomwezo. Anawafunsa bambo ngati amadziwa za mainjini. Bambo anayankha kuti amadziwa kumata chubu cha njinga. A Stan anati poyambira pabwino pamenepo. Atamva ntchito imene bambo ankagwira kwathu, anayamba kuwatchula kuti Ticha, ndipo dzinalo silinachokenso.

Ntchito yathu yoyamba inali kudikira. Pisitoni inali itamatirira mkati mwa injini chifukwa cha dzimbiri. A Stan anachotsa pulagi, n'kuwauza bambo kuti azithira dizilo pang'ono pabowopo Loweruka lililonse, kenako aziyesa kupukusa gudumu la injini ndi manja, osakakamiza. Ndiye Loweruka lililonse tinkakwera chitunda chija, bambo n'kuthira dizilo ndi supuni ya tiyi ngati akumwetsa mwana mankhwala, n'kuyesa kupukusa. Gudumu lili nji. Akatero ankatenga khasu n'kukalima mizere yawo, imene anthu a madimba ena ankabwera kudzaionerera chifukwa anali asanaonepo munthu akuunda mizere yotalika chotero.

Nthawi imeneyo ndi imene kathirakitalako kankakhala kanga. Ndinkayala thumba pakampando kozizira kaja, n'kugwira chiwongolero. Kanaloza kumwera, kumene chitunda chinkatsetserekera, ndiye ulendo unali wosavuta kuuyamba. Ndinkatsika nako mumsewu wathu, kudutsa pasukulu pathu ana onse ali pamawindo, kudutsa pachipatala kuti amayi akwere kumbuyo ndi yunifomu yawo. Tikafika kunyanja yamchere madzi ankauma pang'ono kuti tidutse. M'chipululu ndinkafunda chitenje kumutu. Sindinkadziwa mayiko a pakatipo, ndiye ndinkangowadumpha, n'kupezeka ndafika pamsewu wa ku Ntcheu, pamene amayi ogulitsa tomato ndi kabichi amaunjika milu yawo m'mbali mwa tala. Fungo la dizilo linkasakanikirana ndi la dothi lonyowa, njuchi zikung'ung'udza m'maluwa a nyemba za a Stan, ndipo nthawi zina ndinkagona pomwepo, tsaya lili pachiwongolero. Ndinkadzuka ndi chidindo cha dzimbiri kumaso.

Tsiku lina m'chilimwe gudumu lija linasuntha. Linangosuntha pang'ono, ngati munthu wotembenuka m'tulo. Bambo anandiitana kuti ndiikepo dzanja ndimve ndekha. Kuyambira pamenepo anayamba kuphwasula injiniyo, a Stan akuloza ndi chala, iwo akumasula. M'kati mwa chivindikiro munatuluka chisa cha mbewa, ndipo mbewa ziwiri zonenepa zinathawira m'kabichi. Bambo anaziperekeza ndi maso, n'kunena kuti kukanakhala kwathu bwenzi ndiwo zapezeka. Chitsulo chilichonse chimene achotsa ankachitsuka m'beseni la palafini ndi mswachi wakale, n'kuchiyala panyuzipepala pamzere, zazing'ono kutsogolo, zazikulu kumbuyo, monga ankakhazikira ana m'kalasi. Bawuti ikakana kumasuka ankailankhula mwaulemu, kuifunsa chimene yakwiyira.

Posakhalitsa kathirakitalako kanayamba kulowa m'nyumba mwathu pang'onopang'ono. Timabawuti tinkakhala m'zitini za majarini pansi pa masitepe. Pawindo paja panali pataikidwa mawaya. Tsiku lina amayi akuchokera kushifiti anatsegula firiji kuti atenge matemba amene mnzawo anawabweretsera kuchokera kumudzi, n'kupeza kamkombero kachitsulo katakulungidwa m'pepala pambali pake. A Stan anali atanena kuti chitsulo chikazizira chimafota pang'ono, ndiye chimalowa bwino pamalo pake. Amayi anakagwira m'mwamba ndi zala ziwiri.

"Bambo a Tiyanjane, ichi tiphikira tomato kapena nsinjiro?"

Bambo anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka m'nyumba imeneyo, ndipo ine ndinaganiza kuti zonse zatheka.

Koma Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, ndinakhala pamasitepe ndikuvula nsapato, iwo ali kukhitchini, chitseko chili chotseka mwatheka. Ankalankhula motsitsa, monga amachitira akuluakulu akafuna kuti mwana asamve, kumene kumachititsa mwana kutchera khutu.

"Ine kuno ndine ndani?" anatero bambo. "Munthu wamkulu ngati ine, tsiku lonse kumata makatoni. Kwathu ana akusowa aphunzitsi."

"Nanga mwanayu?"

"Mwana akhala ndi inu. Sukulu wayamba kuizolowera. Ndizibwera kudzakuonani."

Kenako amayi anafunsa kuti akuganiza zonyamuka liti.

"Ndimalize kaye kathirakitala kaja. Sindinaleredwe kusiya chinthu pakati. Kakangolira, ndiona za ulendo."

Ndinakwera kuchipinda nsapato imodzi ili kuphazi. Sindinauze munthu. Koma kuyambira tsiku limenelo pemphero langa linali limodzi. Kusukulu ya Sande aphunzitsi akati aliyense apemphere chamumtima, anzanga ankapempherera odwala ndi mayeso, ine ndinkati, Ambuye, kathirakitala kaja kasalire. Loweruka ndinkapitabe kudimba, ndinkagwirabe tochi, ndinkawapatsirabe masipanala, chifukwa kumeneko n'kumene bambo ankakhala bambo anga enieni. Koma bawuti ikathyoka, iwo n'kugwira m'chiuno, mtima wanga unkavina. Maulendo anga a pakampando aja anasinthanso. Ndinkati ndikafika kunyanja yamchere, ndinkakhota n'kubwerera.

Nyengo yozizira inafika. Dzuwa linkalowa tisanaweruke bwino kusukulu, madimba onse anakhala matope ndi mapesi akuda. A Stan ndi bambo anakonza denga la kashedi kaja n'kukankhiramo kathirakitalako. Mkatimo munali kambaula ka palafini, ndipo fungo lake linali lomwe lija la nyali ya m'nyumba ya aphunzitsi ku Ntcheu. Ndinkakhala pachitini chopidigula, nditavala majuzi awiri, ndikupala dzimbiri ndi sandipepa. Pansi pa dzimbirilo panayamba kuoneka penti wofiira, pang'ono apa, pang'ono apo. Tsiku lina kunja kunagwa chipale chofewa, mwakachetechete, n'kukwirira mizere ya bambo mpaka inaoneka ngati anthu ogona atafunda nsalu zoyera. Amuna awiriwo sanadzutse n'komwe mitu. Ankalimbana ndi kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, kamene timabowo take tinali tating'ono ngati diso la singano. Pofika nthawi imeneyo bambo anali atayamba kumva Chingerezi cha a Stan, ndipo a Stan anali ataphunzira kunena kuti "pang'ono pang'ono", ngakhale ankakutchula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Chimene chinatsala chinali moto. Pulagi sinkathetheka, chifukwa kachipangizo kopanga moto kanali katafa, ndipo m'masitolo munalibe. Ine ndinaona kuti Mulungu wayankha. Koma mitengo itayamba kuphukira, a Stan anatitenga pa vani yawo kupita kuchionetsero cha makina akale, kunja kwa mzinda, m'munda wa mlimi wina. Bambo anavala suti. Kumeneko ndinaona zimene sindinkadziwa kuti zilipo: timathirakitala tambirimbiri titandanda pa udzu, tofiira, tobiriwira, tachikasu, tonyezimira ngati tangotuluka m'sitolo, kalikonse kali ndi nkhalamba yake pambali itakhala pampando wopinda, ikupukuta pamene papukutidwa kale. Tina tinkalira, phuphuphu, utsi wabuluu ukuyandama pamwamba pa udzu wonyowa. Kumapeto kwa mundawo kunali matebulo a zitsulo zakale, ndipo bambo anagwada m'matope ndi suti yawoyo, kufufuza m'mabokosi mpaka anakapeza kachipangizo kaja.

Chimene ndimakumbukira kwambiri si chimenecho. Mkulu wina anawafunsa bambo kuti kwawo amalima bwanji. Bambo anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: mizere, mapando a chimanga, pamene pamalowa nyemba, pamene pamayanga maungu. Anthu anayamba kuwazungulira. Mawu awo anakwera, dzanja lamanzere linapita kumbuyo, ndipo anayamba kufunsa mafunso n'kumadikira mayankho. Nkhalamba za m'chigawo chimenecho cha Yorkshire zinkayankha ngati ana a Sitandade 5. Pobwerera ankaimba m'vani, a Stan akuwomba chiwongolero ndi zala. Ine ndinali kumbuyo, kachipangizo kaja kali pamiyendo panga m'pepala la pulasitiki, ndikukayang'ana ngati njoka.

Penti anapaka ndi burashi, mosathamanga, mpaka kathirakitalako kanafiira ngati tomato wakupsa. Matayala anapezeka. Kampando kanaikidwa katsamiro kamene amayi anasoka ndi chitenje chakale. Ndipo linafika Loweruka lina lowala bwino, la m'nyengo ija dzuwa limaiwala kulowa, pamene bambo ananena pa kadzutsa kuti lero tiyesa. Amayi anali pa ofu, ndiye anabwera nawo, atanyamula mandasi m'kontena. Anthu a madimba ena anasiya makasu n'kudzatsamira pampanda.

Injini zakalezo amaziliza ndi chingwe. Bambo anachikulunga pagudumu, n'kuponda tayala ndi phazi limodzi, n'kukoka. Injini inangopuma, fuu, n'kukhala chete. Anakulunganso, n'kukokanso. Chete. Anakoka mpaka thukuta linadontha pachibwano, a Stan akupotokola kasikulu apa ndi apo. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa amayi, maso otsinzina, milomo ikuyenda. Kenako ndinamva kutsokomola kumodzi, kwina, ndiye phokoso linadzaza chitunda chonse, phuphuphuphu, nthaka ikunjenjemera pansi pa nsapato zanga. Njiwa zinauluka m'mitengo. Anthu anawomba m'manja. Kathirakitala kanalira, inenso ndinayamba kulira.

Poyamba ankayesa ndi utsi. Amayi anandipukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, koma kulirako kunali kochokera m'mimba, kosagwirika. Bambo anazimitsa injini imene anaivutikira nthawi yonseyo, n'kudzanjuta patsogolo panga, manja awo akuda ndi oyilo ali m'mwamba kuti asandidetse diresi.

"Mayi, chavuta n'chiyani?" Ankanditchula choncho akafuna kundinyengerera.

"Ndiye mupita liti, adadi?"

"Kupita kuti?"

"Kumudzi. Munati kakangolira."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana amayi. A Stan, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe, anaona nkhope zathu n'kupita kukaona anyezi wawo, anthu ena aja n'kuwatsatira.

"Muyankheni mwanayo," anatero amayi. "Nanenso ndikufuna kumva."

Bambo anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta zala, chimodzichimodzi, kwa nthawi yaitali.

"Ndinanenadi," anatero. "Ndipo pamene ndinkanena ndinkatsimikiza. Koma a Stan ali ndi kena kugalaja kwawo, kobiriwira, kopanda ndi chiwongolero chomwe. Manja awo ayamba kunjenjemera, sipanala sakuigwiranso bwino. Ndinawalonjeza kuti tikakonza limodzi."

"Nanga mukamaliza kameneko?"

"Iwe unaona wekha kuchionetsero kuja. M'dziko muno timathirakitala takufa ndi tambiri, mayi. Ine ndekha sindingatimalize."

Amayi anatembenuka n'kuyamba kutsegula kontena ya mandasi, ngakhale panalibe amene anapempha. Anachedwa nayo kwambiri kontenayo. Bambo anandinyamula ndi mikono, zikhatho zili kunja, n'kundikhazika pakatsamiro kaja. Anakoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kuvomera. Anandisonyeza popondera, iwo n'kumayenda pambali, dzanja limodzi lili kumbuyo kwa kampando. Kankayenda pang'onopang'ono kuposa munthu wopita kumaliro, koma kwa ine mitengo ya maapozi inkadutsa ngati ndili m'sitima. Tinatsika kanjira ka pakati pa madimba, kudutsa nyemba za a Stan, kudutsa thanki ya madzi, mpaka kugeti. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwanga ngati chamoyo. Pokhota ndinaponda kabichi wa mayi wina, ndipo bambo anakapepesa ndi mandasi.

Kumudzi anapitadi, koma kokacheza, tonse atatu, n'kubwerera. Ntchito ya makatoni anaisiya patapita zaka zingapo, atapeza malo pasukulu ina yothandiza ana ongofika kumene m'dziko muno kuphunzira Chingerezi. Kobiriwira kaja anakamaliza, kenako kunabwera kachikasu, kenako kena kamene anakakatenga ku Bradford m'zidutswa, m'mabokosi a nthochi. A Stan anatisiya ndili kuyunivesite. Pamaliro awo bambo ndi amene analankhula m'malo mwa anzawo a makina akale, ndipo nkhalamba zija zinakhala chete ngati m'kalasi. Lero timathirakitala ta bambo timakhala m'khola lakale la mlimi wina kunja kwa Sheffield. Amayi anapuma pantchito, ndipo amati m'banja mwawo muli mitala, kungoti akazi anzawo ndi achitsulo.

Zinthu zasintha. Ine ndimakhala ku Newcastle, ndili ndi banja langa. Mnansi wathu ali ndi kamakina kotchetcha udzu koyenda kokha, kopanda phokoso, kopanda fungo, ndipo kakatopa kamabwerera pamalo pake kukadzitchaja. Kakafa palibe amakatsegula, amangogula kena. Zitsulo zimene bambo ankagwadira m'matope pano amaziitanitsa pafoni, zimabwera pakhomo m'kaenvelopu. Kuzionetsero kuja mipando yopinda ikuchepa chaka ndi chaka. Ana anga akapita kwa agogo awo amamva Chichewa chonse chimene akuuzidwa, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake ndi cha kuno kumpoto, chimene agogo awo amachimva bwino kuposa mmene ine ndimamvera nthawi zina. Chaka chino ndapitirira msinkhu umene bambo anali nawo pamene tinkafika m'dziko muno. Ndili mwana ndinkawaona ngati munthu wamkulu wodziwa kumene akupita. Pano ndimaona mnyamata amene anasiya zonse zimene ankadziwika nazo, n'kumakwera basi m'mawa uliwonse mumzinda umene panalibe womudziwa.

Mwezi wathawu bambo anandiimbira foni ndili kuntchito. Anati pali kena kakugulitsidwa kufupi ndi kwathu kuno, kali m'khola la nkhosa, ndipo mawondo awo sakuwalolanso kuyendetsa galimoto mtunda wautali. Anandipempha kuti ndingopita kukakaona, ndiwatumizire chithunzi. Ndinapita nditaweruka, ndi nsapato za ku ofesi. Kanali pakona, katakwiririka ndi udzu wouma ndi zitosi za nkhunda, tayala limodzi palibe. Ndinagwira gudumu la injini ndi manja awiri, n'kuyesa kupukusa. Linali nji.

Chithunzi ndinatumiza. Koma kathirakitalako kali m'galaja mwathu muno, ndipo galimoto ya amuna anga ikugona panja. Bambo akuti abwera pa sitima Loweruka, ndiwasungire supuni ya tiyi.